Nyale za Diwali ndi Kukonda Dziko

Boma la Mchinji, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, lili m'malire a Malawi ndi Zambia, ndipo lidazolowera kulandira alendo. Ena mwa alendowo adali Amwenye amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat, amene adamanga masitolo m'maboma a Nyasaland. Pakati pawo padali Asilamu ndi Ahindu.

Chikondwerero chachikulu cha Ahindu ndi Diwali, chomwe chimachitika mu Okutobala kapena Novembala. Mabanja amakonza m'nyumba, amayatsa tinyale tadothi ta mafuta, nagawira anansi zakudya zotsekemera. Nyalezo zimakumbutsa tsiku limene Rama adabwerera kwawo ku Ayodhya atakhala m'nkhalango zaka 14 chipirikitsidwire. Motero ndi mwambo wolandira mwana wa dziko amene adatayidwa.

M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuti achoke kumidzi ndi m'maboma, akachite malonda m'mizinda monga Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Cholinga chidali kupereka mpata kwa eni nthaka, koma masitolo ambiri adangotsekedwa, ndipo alimi adavutika kupeza nsalu, mchere ndi makasu. Ambiri mwa osamutsidwawo adabadwira m'Malawi momwemo. Ana asukulu a m'maboma onga Mchinji adakula akuimba nyimbo ya fuko mmawa uliwonse, koma osaidziwa miyambo ya anansi akalewa.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adatsimikiza ufulu wa chipembedzo kwa aliyense. Wophunzira wodziwa mbiriyi amazindikira kuti kukonda dziko ndiko kusunga onse amene amalitcha kwawo.