Za Kuyesanso Woyendetsa Galimoto Wopalamula Ngozi

Mseu umene udzera pa Chonde, kuchokera ku Luchenza kunka ku Mulanje ndi ku Muloza, makolo athu anauyenda ndi mapazi. Masiku aja katundu wa dziko lino anayenda pa mitu ya amtengatenga, ndipo wamtengatenga akapunthwa anapweteka chala chake chokha. Lero pa mseu womwewo pathamanga malole, maminibasi ndi njinga zamoto, makamaka mwezi wa October, pamene Alhomwe asonkhana pa Chonde. Ndipo munthu mmodzi akalakwa pa chiwongolero, maliro agwa m'midzi isanu. Tsono funso ndi ili: woyendetsa wotere, atatha chilango chake, kodi abwerere pa mseu wosayesedwanso? Tiyeni tione m'mene Angerezi analimbana nalo funsoli, pakuti kuyenda kumanzere kwa mseu tinatengera kwa iwo.

Pa 17 August 1896, ku Crystal Palace mu London, galimoto inagunda mkazi dzina lake Bridget Driscoll, namwalira. Galimotoyo, ati, inayenda mamailosi 4 okha pa ora, liwiro la munthu wofulumira kunka ku msika. Ofufuza za imfayo anati ndi tsoka chabe, ndipo woyendetsayo sanalangidwa.

M'chaka cha 1903 Boma la Angerezi linaika lamulo lakuti woyendetsa ali yense akhale ndi chiphaso. Koma taonani chodabwitsa: chiphasocho munthu anangogula ndi masheleni 5, popanda womuyesa ngati adziwa kuimitsa galimoto. Zinakhala chomwecho zaka zoposa 30, ndipo m'chaka cha 1934 anthu 7,343 anafa pa miseu ya dziko lija. Pamenepo nduna ya za maulendo, Leslie Hore-Belisha, inalimbika, ndipo kuyambira 1 June 1935 oyendetsa atsopano onse anakakamizidwa kulowa mayeso.

Komatu kuyesa munthu poyamba ndi nkhani ina, kumuyesanso atachimwa ndi inanso. Lamulo la 1991 ndilo linamanga manja a oweruza, kuti munthu wotsutsidwa pa mlandu woyendetsa moopsa, kapena wopha munthu ndi kuyendetsa kotere, asangolandidwa chiphaso, koma abwerere pa chiyambi monga wophunzira. Ayenera kulemba mayeso a malamulo a pa mseu, nayesedwenso pa chiwongolero ora lathunthu kapena kupitirira, pamene mayeso a masiku onse atha pafupifupi mphindi 40. Ndi mtengo wake womwe ndi wowirikiza. Werengani nokha: kuyambira imfa ya mkazi uja kufikira lamuloli panapita zaka 95. Lamulo lina la 1995 linaonjeza kuti woyendetsa watsopano amene achulutsa zolakwa m'zaka zake ziwiri zoyamba ataye chiphaso nayambenso.

Ku South Africa, kumene ana athu ambiri agwira ntchito, lamulo la 1996 linatsata njira ya nyengo: pa mirandu ina yaikuru, monga kuthawa pamalo pa ngozi imene munthu wafapo, chiphaso chiimitsidwa miyezi 6 pa kulakwa koyamba, zaka 5 pa kwachiwiri, ndi zaka 10 pa kwachitatu. Kwathu kuno lamulo la pa mseu la 1997 ndilo litsutsa wopha munthu ndi kuyendetsa mosasamala, ndipo bwalo liri nayo mphamvu ya kuimitsa kapena kufafaniza chiphaso chake.

Mwa njira ziwirizi, ine ndiona kuti ya kuyesanso ipambana. Nyengo payokha siphunzitsa kanthu. Mwana amene wachotsedwa m'sukulu miyezi 6 sabwera wodziwa masamu, koma abwera ataiwala ndi zija anazidziwa. Chimodzimodzi manja amene sanagwira chiwongolero zaka 5. Ndiponso pakati pa oyendetsa alipo amene maso awo anachita chidima pang'onopang'ono osadziwa iwo eni, ndipo ngozi ndiyo iyamba kuulula.

Koma aphunzitsi adziwa malire a mayeso. Wopha anthu pa mseu kawirikawiri sakhala mbuli; adziwa bwino kuyendetsa, koma anamwa kachasu, kapena anali kulimbirana okwera ndi minibasi inzake. Wotereyo tsiku la mayeso adzafika wosamwa, wofatsa ngati mkulu wa mpingo, nadzapambana. Phindu lake lingakhale manyazi okha a kumatanso chilembo cha L pa galimoto pamaso pa anzake, ndipo manyazi otere sindiwapeputsa ai.

Chotsala ndi ichi, abale: lamulo la kuyesanso ligwira yekhayo amene anayesedwapo kale. Anyamata ambiri a kabaza ya njinga zamoto, amene anyamula amai athu kuchokera pa Chonde kunka ku chipatala, alibe chiphaso choti bwalo liwalande. Anaphunzira pa bwalo la mpira masiku awiri, tsiku lachitatu nanyamula munthu.