Kuwenga ndi Mankhwala Ake m'Chigwa cha Shire

Mawu akuti allergy anayambitsidwa ndi dokotala wa ana Clemens von Pirquet ku Vienna mu 1906, koma vuto limene mawuwo amatchula linali lodziwika kale kwa Amang'anja a m'chigwa cha Shire, ndiponso kwa Asena amene anasamukirako kuchokera ku Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'Chinyanja vutoli ndi kuwenga, kutanthauza kuti chinthu chimene ena amadya kapena kukhudza popanda chovuta sichiyanjana ndi thupi la munthu mmodzi. Munthu akadya mlamba wa ku Elephant Marsh kapena nyama ya nkhumba, n'kuyamba kuyabwa, kutupa milomo ndi kutuluka ziwengo, akuluakulu ankati chakudyacho chamuwenga, ndipo mankhwala oyamba sanali muzu ayi, koma kusala chakudyacho, mwina mpaka moyo wake wonse. Langizo limeneli, lobadwa m'kupenyetsetsa kwa amayi ndi agogo olera ana, ndi limene madokotala amayambirabe lero.

Zitsamba zinkabwera pambuyo, kudzaziziritsa thupi. Woyabwidwa ankamusambitsa m'madzi a masamba owiritsa kapena kumupaka mafuta a nsatsi, pamene wodwala chimfine chosatha kapena mphumu, amene ndi matenda obanikitsa m'chifuwa, ankamufukiza: mphika wa masamba onunkhira monga mpungabwi unkaphulidwa pamoto uli wobwadamuka, wodwalayo n'kuweramirapo atafunda nsalu kumutu mpaka thukuta litachita kamukamu. Kuyabwa kwa chitedze ankakusiyanitsa ndi kuwenga, ndipo sankalakwa, pakuti ubweya wa pamakoko a chitedze umayabwa aliyense wouyandikira, osati munthu mmodzi yekha.

Azungu oyamba sanasamale kwenikweni za nzeru zapakhomo zoterezi. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera amene anakwera mtsinje wa Shire ndi David Livingstone mu 1859, anachita chidwi ndi kombe, ulembe wopaka ku mivi, umene Thomas Fraser anaufufuza ku Edinburgh mpaka unasanduka mankhwala a mtima. Masamba osambitsira mwana wa ziwengo sanapeze mwayi wotere, ndipo lamulo loletsa zaufiti la 1911, ngakhale silinaletse zitsamba, linachititsa asing'anga ambiri kugwira ntchito mwakachetechete. Mayina ndi ntchito za zomera zinadzalembedwa mwadongosolo pambuyo pake, monga m'buku la Jessie Williamson lotchedwa Useful Plants of Nyasaland la mu 1955 ndi la Brian Morris lotchedwa Chewa Medical Botany la mu 1996.

Chochititsa chidwi n'chakuti mitengo ina imene lero imatengedwa ngati yamakolo ndi yobwera. Nimu, amene mthunzi wake waphimba mabwalo a ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, kwawo ndi ku India, chimodzimodzinso chamwamba, chimene anthu a kuchigwa amachitcha sangowa. Bulugamu, amene masamba ake amaphatikizidwa ndi a mandimu pofukiza, anachokera ku Australia. Mpweya nawonso unasintha, pakuti ulimi wa thonje utakula m'nthawi ya atsamunda, ndipo shuga atayamba kupangidwa ku Nchalo mu 1966, fumbi la thonje ndi utsi wa nzimbe zootchedwa zisanadulidwe zinawonjezera pa fumbi la m'chilimwe limene limayetsemulitsa anthu ndi kufiiritsa maso kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa.

Sayansi imafotokoza kuti chitetezo cha m'thupi chikalakwitsa n'kuyesa mdani chinthu chosavulaza, thupi limatulutsa histamine, amene amatupitsa khungu ndi njira za mpweya, ndipo mapiritsi a piritoni amagwira ntchito pomutsekereza. Nthunzi imafewetsa mamina, madzi ozizira amachepetsa kuyabwa, koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa kuwenga kwenikweniko, ndipo mphika wofukizira wawotchapo ana aang'ono. Pamene munthu walumidwa ndi njuchi n'kuyamba kutupa pakhosi ndi kubanika, chofunika ndi jakisoni wa adrenaline m'mphindi zochepa, ndipo kwa wokhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ulendo wopita kuchipatala cha Trinity ku Muona umatalika kwambiri mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo ikasefukira.