Sefa yomwe inkachulukitsa nitrate: mbiri ya vuto la oweta nsomba za m'nyanja ya mchere

M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta m'matanki agalasi mumamveka malangizo akuti nitrate akakwera m'madzi, munthu agule sefa yamphamvu kuposa yomwe ali nayo. Ine malangizowa ndimawakayikira, ndipo chondikayikitsa ndi mbiri ya ntchito yomweyi.

Nitrate si wachilendo kwa mlimi, chifukwa ndi yemwe ali mu feteleza wa CAN. M'thanki amachokera ku chakudya. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, yemwe amapha msanga. Mabakiteriya okonda okosijeni amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, ena n'kumusandutsanso nitrate. Uyu sapha tsiku limodzi, koma akaunjikana ndere zimaphimba miyala, makorali amafooka, nsomba n'kumadwaladwala. Pomwe makorali amamera m'nyanja, nitrate nthawi zambiri safika ndi miligalamu imodzi yomwe pa lita.

Oyamba kuweta zamoyo za m'nyanja sankadziwa zonsezi. Mu 1846 Anna Thynne adayamba kusunga makorali m'nyumba mwake ku London, ndipo madzi ankawatsitsimutsa powatsanulira uku ndi uku m'ziwiya. Mu 1853 London Zoo idatsegula nyumba yoonetseramo nsomba, chaka chotsatira Philip Henry Gosse n'kutulutsa buku lomwe lidachititsa Angerezi ambiri kugula matanki. Chidwicho sichidakhalitse, chifukwa zamoyozo zinkafa.

Yankho lidachokera kwa ofufuza za dothi ndi madzi onyansa ku France. Mu 1877 Schloesing ndi Müntz adaonetsa kuti nitrate amapangidwa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso. Mu 1886 Gayon ndi Dupetit adafotokoza za mabakiteriya ena omwe, okosijeni akasowa, amaphwanya nitrate n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni womwe umangouluka. Mfundo yachiwiriyi idatenga zaka zambirimbiri isanafike kwa oweta nsomba.

Mu 1961 Lee Chin Eng wa ku Indonesia adalemba kuti matanki ake ankayenda bwino ndi miyala yotengedwa m'nyanja momwemo, popanda sefa. Ambiri adamunyozera. M'zaka za m'ma 1970 oweta a ku Berlin, potsata zolemba za Peter Wilkens, adaphatikiza miyala yotereyi ndi chipangizo chotchedwa protein skimmer, chomwe chimatulutsa zonyansa ndi thovu zisanaole. Mu 1980 Walter Adey adatsegula thanki ya makorali ku Smithsonian mumzinda wa Washington, momwe ndere zolimidwa mwadala zinkayamwa nitrate, kenako n'kukololedwa. Njira zinalipo, koma msika udalowera kwina.

Kuyambira 1986 ku America kudabuka sefa ya mtundu wina yochokera ku Ulaya. Madzi ankatsikira m'bokosi la pansi pa thanki n'kumadontha pa timipira tapulasitiki tosamizidwa, mpweya ukudutsa pakati. Kunena chilungamo, sefayi idapulumutsa nsomba zambiri. Amoniya ankatha m'maola ochepa, madzi n'kuwala mbee. Masitolo adaigulitsa ngati mapeto a mavuto onse, anthu n'kudzaza matanki ndi nsomba, n'kumadyetsa mosaumira.

Patangopita miyezi, oyeza madzi adayamba kuona nitrate akukwera osabwerera. Ndere zaubweya zidakuta miyala yodula, makorali osakhwima n'kumatha. Ambiri adayankha pogula sefa yokulirapo, vuto osasuntha. Chifukwa chake n'chosavuta. Pa timipira paja palibe kangodya kopanda okosijeni, choncho ntchito imathera pa nitrate, yemwe amakankhidwira m'thanki yonse. Zotsalira za chakudya zinkakodwanso m'menemo n'kumaola osaoneka. Mwala wa m'nyanja umasiyana: uli ndi timaenje tambirimbiri, nitrate amapangidwa pamwamba pake, ndipo pang'ono chabe mkati muli mabakiteriya omuphwanya aja. Pofika m'zaka za m'ma 1990 oweta makorali ambiri adayamba kuchotsa timipirato, pang'onopang'ono kwa milungu ingapo kuti amoniya asabwerere mwadzidzidzi.

Sindikuona kuti cholakwa chinali chipangizo cha timipiracho, pakuti chinkachita zomwe chidapangidwira, ndipo mpaka lero chimathandiza m'matanki a nsomba zokhazokha. Chidalakwika ndi changu. Wogulitsa ankapindula ndi bokosi lapulasitiki kuposa ndi uphungu woti muwete nsomba zochepa ndi kudikira. Wogula naye ankafuna thanki yodzaza pofika Loweruka. Madzi owala adapusitsa onse awiri, popeza nitrate alibe mtundu. Zomwe zimandipweteka n'zakuti zamoyo zambiri zomwe zidafera m'matanki amenewa zidachita kuzulidwa m'nyanja za ku Indonesia ndi Philippines.

Njira zina zothana ndi nitrate zidabwera motsatizana. Mu 1989 Jean Jaubert adafotokoza njira yomwe idagwiritsidwa ntchito ku Monaco, ya mchenga wochindikala wokhala ndi mpata wa madzi osayenda pansi pake. Ena adayamba kulima ndere za Chaetomorpha m'kathanki kapambali, zomwe zimachotsa nitrate pokhapokha zikamakololedwa. M'zaka za m'ma 2000 kudafala kuthira timadontho ta vodka kapena vinega kuti mabakiteriya achuluke, adye nitrate, skimmer n'kuwatulutsa. Apanso ena adapyola muyeso. Nitrate atafika pa ziro, makorali adatuwa ndi njala, ndipo lero alipo oweta omwe amachita kugula nitrate wa m'botolo.

Kusintha madzi kudakali njira yodalirika, koma masamu ake ndi ouma. Ngati nitrate ali pa mamiligalamu 80 pa lita, kuchotsa malita 20 pa malita 100 alionse kumangomutsitsa kufika pa 64, ndipo izi zimatheka ngati madzi atsopanowo alibe nitrate wawo. Madzi a pampopi m'madera aulimi amakhala naye, n'chifukwa chake oweta ambiri amawasefa kaye ndi makina a reverse osmosis asanasungunuliremo mchere. Mwini thanki akapitiriza kudyetsa monga kale, nambala ija imayambanso kukwera sabata yomweyo.