Hello, I'm Dolly: chimbale choyamba cha Dolly Parton

Hello, I'm Dolly ndi chimbale choyamba cha Dolly Parton, woyimba nyimbo za country wa ku America. Chinatuluka mu 1967 ku kampani ya Monument Records, ndipo anayang'anira ntchito yochijambula ndi Fred Foster, mwini kampaniyo. Muli nyimbo 12.

Dolly anabadwa pa 19 January 1946 m'dera lamapiri la Sevier County ku Tennessee, mwana wachinayi m'banja losauka la ana 12. Mu 1964, atangomaliza sekondale, kutacha ananyamuka ulendo wa ku Nashville, likulu la nyimbo za country. Kumeneko anayamba kudziwika ngati mlembi wa nyimbo asanadziwike ngati woyimba, ndipo zambiri ankapeka limodzi ndi malume ake, Bill Owens.

Monument itamulemba, inkafuna kuti aziyimba pop, poganiza kuti mawu ake, opyapyala ndi okwera, sangayenere country. Nyimbo ngati Happy, Happy Birthday Baby ya mu 1965 sizinapite patali. Chinasintha zinthu ndi Put It Off Until Tomorrow, yomwe Dolly anapeka ndi malume akewo. Woyimba Bill Phillips anaijambula, ndipo mu 1966 inafika pa nambala 6 pa mndandanda wa nyimbo za country wa Billboard. Mtsikana amene ankamupolokozera m'nyimboyo, dzina lake osalembedwa n'komwe pa rekodi, anali Dolly yemwe. Omvera atayamba kufunsa za mawu aja, Foster anagonja, n'kumulola kuyimba zomwe mtima wake unkafuna kuyambira kale.

Nyimbo ziwiri za m'chimbalechi zinatchuka pawailesi. Dumb Blonde, yolembedwa ndi Curly Putman, inafika pa nambala 24, pamene Something Fishy, yopeka Dolly mwini, inafika pa nambala 17. Yoyambayo ndi ya mkazi wokana kuyesedwa chitsiru chifukwa cha mtundu wa tsitsi lake. Yachiwiriyo ndi ya mkazi wokayikira maulendo okawedza nsomba omwe mwamuna wake sakuwatha. Zonse ziwiri n'zanthabwala, koma mkazi wa m'nyimbozo ndi wochenjera, ndipo salola kupusitsidwa. Kwa mtsikana wa zaka 21, pa nthawi yomwe amuna ndiwo ankalamula ku Nashville, kumeneku kunali kulimba mtima ndithu. M'chimbalemo Dolly anayimbanso yekha Put It Off Until Tomorrow komanso Fuel to the Flame, yomwe inatchuka poyimbidwa ndi Skeeter Davis.

Chimbalechi chinafika pa nambala 11 pa mndandanda wa zimbale za country. Sichifanana msinkhu ndi Coat of Many Colors cha mu 1971 kapena Jolene cha mu 1974, pakuti apa Dolly anali asanayambe kuyimba mozama za umphawi wakwawo kumapiri. Komabe luso lake lofotokoza nkhani yathunthu m'mphindi ziwiri kapena zitatu likumveka kale.

Mu 1967 momwemo, woyimba Porter Wagoner anaitana Dolly kuti akalowe m'malo mwa woyimba Norma Jean pa pulogalamu yake ya pa TV, kenako Dolly anasamukira ku RCA Victor. Nyimbo zina zomwe anasiya ku Monument zinadzatuluka mu 1970 m'chimbale cha As Long as I Love.