Malire anadutsa pakati pa mbumba, agogo ndiwo anasunga chibale

Lero ndati tikambirane mbiri ya kwathu kuno ku Mchinji. Ndikudziwa kuti ambiri mukangomva mawu oti mbiri mumakumbukira manotsi a Fomu 2 ndi mayeso a JCE. Komatu ilipo mbiri ina imene ili m'mitu mwa agogo athu, ndipo imamveka bwino abale akasonkhana pamodzi. Boma lathu lino ndi chitsanzo chabwino cha zimenezi chifukwa cha malire amene tili nawo.

M'chaka cha 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, ndipo dera la kumadzulo kwathu linapita m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Pogawana anatsata mtunda umene umalekanitsa madzi. Kumene madzi amatsikira ku Bua mpaka kukafika kunyanja kunakhala kuno, kumene amatsikira ku Luangwa kunakhala uko. Chaka chomwecho Angerezi anagwirizananso ndi Apwitikizi za malire a kumwera. Pa zokambirana zonsezi panalibe mfumu ya Achewa. Zotsatira zake munthu anapezeka kuti mudzi wake uli dziko lina, atsibweni ake ali dziko lina, manda a makolo ake alinso dziko lina.

Angoni nawonso zinawagwera. Anthu a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anawagonjetsa, anawalanda ng'ombe zambiri, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa. Boma lathu linadzatchedwa Fort Manning potengera dzina la msilikali wa Chingerezi William Manning, ndipo Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni anatsala mbali ino, Inkosi ya Makosi Mpezeni ili tsidya linalo.

Kenako kunabwera msonkho. Pofuna ndalama yokhomera, amuna anayamba kuchoka m'midzi. Ena anakalowa ntchito m'minda ya fodya yozungulira Fort Jameson, ena anatsikira ku Salisbury, ena anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ambiri ankabwerako, koma ena anangokhaliratu komweko, ndiwo aja tinkawatcha machona. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Tikawerenga bwino, mibadwo iwiri kapena itatu ya ana inakula abambo awo ali kutali.

Nanga mudzi unatsala ndi yani? Unatsala ndi amayi ndi agogo. Mwa Achewa mwamuna ankakalowa chikamwini kwa mkazi, ndipo ana anali a mbumba ya kuchikazi, yoyang'aniridwa ndi atsibweni awo. Pakati pa mbumbayo panali agogo aakazi ndi kuka kwawo, kumene adzukulu ankamva nthano ndi malangizo. Agogowa ndiwo ankadziwa kuti uje anabadwa ku bere liti, amene sangakwatirane ndi ndani, munda wa banja ukuthera pa mtengo uti, ndiponso woyenera kulowa ufumu ndi mwana wa yani. Zonsezi sizinalembedwe pena paliponse.

Nzeru zimenezi zinkatuluka pamisonkhano ya abale. Maliro akagwa, uthenga unkawoloka malire ndi munthu wapansi kapena wapanjinga, ndipo abale ankabwera kudzagona pasiwa. Ankabweranso pa kumeta, pa bona, pa chinamwali ndi pa ukwati. Pamenepo agogo ankaitana adzukulu n'kuyamba kulongosola kuti awa ndi atsibweni ako a kwa Undi, uyu ndi msuweni wako, awa amayi awo ndi ine tinayamwa bere limodzi. Mwana ankachoka pamenepo akudziwa kuti akadzasowa pogona ku Chipata kapena ku Katete, khomo logogoda lilipo. Mpake akuluakulu ankati chibale ndi fupa, sichiola.

Misonkhano ikuluikulu nayo ili ndi phunziro lomweli. Mwambo wa Kulamba, umene Achewa amakapereka ulemu ndi mitulo kwa Kalonga Gawa Undi, unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984. Masiku ano umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti, ndipo kumafika Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mwambo wa Nc'wala wa Angoni a Mpezeni unazilala nkhondo ya 1898 itatha, n'kudzayambiranso mu 1980. Uwu umachitikira ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale.

Tsono tiyeni tichite masamu pang'ono. Kulamba kunakhala chiimire zaka 50. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1934 anali ndi zaka 60 mu 1984, gogo wa adzukulu. Nc'wala inakhala zaka 82. Amene anaiona ali mwana wa zaka 10 anali ataposa zaka 90 pamene inkabwerera, choncho ambiri mwa oikonza anali anthu ochita kumva kwa agogo awo. Akanakhala kuti adzukulu a nthawi imeneyo sankakhala pansi kumvetsera, bwenzi kulibe choti n'kuutsa. Lero timanyadira kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndiponso kuti mu 2007 atsogoleri atatu, Bingu wa Mutharika, Levy Mwanawasa ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi ku Mkaika. Tikamanyadira tizikumbukira nkhalamba zimene zinasunga miyamboyi pa nthawi imene boma ndi mamishoni ankaiona ngati yachikunja.

Ngakhale mabuku amene timaphunzitsira anachokera komweko. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi ngati ife tomwe wa ku Nkhoma, analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 kuchokera pa zimene akuluakulu a m'midzi anafotokoza. Harry Langworthy wa ku America anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi m'zaka za m'ma 1960 pofunsa nkhalamba. Kings Phiri, amene anaphunzitsa mbiri ku Chancellor College, anachitanso chimodzimodzi ndi mbiri ya mafuko a Achewa m'zaka za m'ma 1970. Anthu ophunzira chotere anayenda mitunda kukakhala pamphasa ndi agogo a eni ake. Ife agogo athu tili nawo pakhomo pomwe, koma timangowadutsa.

Palinso ngongole ina imene tili nayo kwa agogo, ndipo iyi ndi yaposachedwa. Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi tinaika m'manda makolo ambiri achinyamata. Aphunzitsi anzanga amene munalipo mukukumbukira amene ankabwera kuofesi ya ahedi kudzapempha kuti mwana asathamangitsidwe chifukwa cha fizi. Nthawi zambiri anali agogo, atagulitsa mtedza kapena nkhuku. Ena mwa inu amene mukugwira ntchito ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Joni munaleredwa motero.

Chomvetsa chisoni n'choti nkhalamba zomwezi ndizo zikunamiziridwa ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira kuti ndizo zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Lamulolo ndi labwino, koma chitetezo choyamba cha nkhalamba ndi abale amene amaoneka pakhomo pake. Gogo amene ana ndi adzukulu amamuyendera, anthu amaopa kumuloza chala.

Nayonso misonkhano yathu yafupika. Chipepeso timatumiza pafoni, nkhani za banja timakambirana pa WhatsApp pomwe agogo palibe, ndipo tikabwera pamaliro timakwera galimoto anthu akungochoka kumanda. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unalepheretsa Kulamba n'kuchepetsa anthu pamaliro, ndipo tonse tinaona mmene mudzi umakhalira abale akaleka kukumana. Ulendotu ndi wosavuta kuyerekeza ndi kale. Msewu ndi wa tala kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Chipata kudzera pachipata cha Mwami, pomwe makolo athu ankayenda wapansi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Holide ikamayandikira, tiyeni tiwapatse ana ntchito yoti akafunse agogo awo, kapena nkhalamba iliyonse ya m'mudzi mwawo, mafunso ochepa chabe. Mfunda wathu ndi uti? Mudzi wathu unachokera kuti usanakhazikike pano? Abale athu a tsidya la malire ali midzi iti? Ndani m'banja mwathu anapita ku Joni kapena ku Salisbury, ndipo anabwerako? Njala ya 1949 inawapeza kuti? Mayankhowo alembedwe m'kope ndipo kopelo lisungidwe mulaibulale ya sukulu.

Kwa inu ana anga akale, mukapeza tchuthi bwerani ndi ana anu, mugone kumudzi ngakhale masiku awiri. Musadikire uthenga wa maliro. Tengani shuga ndi bulangete, koma mutengenso foni yanu mujambule mawu a agogo akamalongosola mbumba, ndipo mufunse bwino mayina a midzi kuti muwalembe molondola. Amene mwachita kale zimenezi mundiuze zomwe mwapeza, makamaka inu a kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni.