Cithunzi ca mu 1921 ndi Dzina Lotayika

Acinyamata anzanga, mu 1921 anchito a pa mgodi wa Broken Hill, muno mu Kabwe, anafukula cigaza ca munthu wakalekale. Cigazaco cinapita ku London. Mzungu Tom Zwiglaar anajambulidwa, ndipo dzina lake likali m'mabuku. Koma la munthu wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe. Mwini kamera ndiye amasankha wokumbukiridwa.

Filimu ingatsukidwe panyumba: iikeni m'kacitini kake mu mdima wa bii, thirani mankhwala oonetsa cithunzi, kenaka ocikhazikitsa, itsukuluzeni ndi madzi, muiyanike. Ikasungidwa pouma imakhala zaka zambiri.

Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, ndipo agogo amene anagwirako nchito alikutha. Ajambuleni, ndipo kumbuyo kwa cithunzi ciliconse lembani dzina.