Kanyale Kodumphadumpha ka Pixar

Aliyense amene anaonerapo Toy Story, Finding Nemo kapena Coco amakadziwa kanyale kaja. Filimu isanayambe pamaoneka zilembo zisanu zakuda za dzina la PIXAR zitaima chilili. Kenaka kanyale ka patebulo kamatulukira cha kumanja kakudumphadumpha, kamaima, kamayang'anitsitsa chilembo cha I, n'kuchidumphira pamutu mobwerezabwereza mpaka chilembocho kuphwatalala. Kakatero kamasuzumira uku ndi uku, n'kutembenukira kwa woonera. Zonsezi sizikwana ndi theka la mphindi lomwe.

Makampani akale a mafilimu ku America ankasankha zizindikiro zoonetsa ukulu. MGM ili ndi mkango wobangula, Paramount ili ndi phiri lozunguliridwa ndi nyenyezi, Disney ili ndi nyumba yachifumu. Pixar inasankha nyale ya mu ofesi, ndipo chifukwa chake chili m'masiku amene kampaniyi inali isanatchuke n'komwe.

Nyale yeniyeniyo ndi yakale kuposa Pixar. Injiniya wina wa ku England, George Carwardine, yemwe ankadziwa bwino za masipuling'i a galimoto, ndiye anapanga nyale ya mkono wopindika yotchedwa Anglepoise kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Jac Jacobsen wa ku Norway anapeza chilolezo chogwiritsa ntchito luso limenelo, ndipo mu 1937 anatulutsa nyale yake ya Luxo L-1. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba ndiponso ojambula zithunzi anaikonda chifukwa ukaikoka, imakhala pomwe waisiyapo. Imodzi mwa nyale zotere inali patebulo la John Lasseter.

Mu 1986 Steve Jobs anagula gawo la makompyuta la kampani ya George Lucas, ndipo gawolo linakhala Pixar, motsogozedwa ndi Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith. Malonda awo sanali makatuni ayi. Ankagulitsa makina otchedwa Pixar Image Computer, a mtengo wa madola pafupifupi 135,000, kwa azipatala ndi mabungwe a boma. Chizindikiro chawo choyamba chinali kabokosi kotuwa kokhala ndi kadzenje pakati, kofanana ndi nkhope ya makinawo. Lasseter, yemwe anaphunzira ntchito ya makatuni n'kugwirako ku Disney, anali ndi udindo wopanga timafilimu tatifupi toonetsa zomwe makompyuta angathe kuchita.

Makompyuta a nthawi imeneyo sankatha kujambula bwino khungu, tsitsi kapena nsalu. Zinthu zolimba, zachitsulo ndi zapulasitiki, ndizo ankazitha. Choncho Lasseter anayeza nyale yake ija n'kuilowetsa mu kompyuta. Tsiku lina mnzake wa pantchito, Tom Porter, anabwera ndi mwana wake wakhanda ku ofesi, ndipo Lasseter anachita chidwi ndi kukula kwa mutu wa khandalo poyerekeza ndi thupi. Anadzifunsa kuti mwana wa nyale angaoneke bwanji. Anafupikitsa mikono ndi masipuling'i, koma babu analisiya momwe linalili, poganiza kuti babu amachita kugula kusitolo, silikula. Nzeru yaing'ono imeneyi ndiyo imachititsa kuti kanyaleko kazioneka kamwana ngakhale kalibe maso, pakamwa kapena manja.

Lasseter atakaonetsa zoyeserera zake pa chionetsero cha makatuni ku Brussels, katswiri wa ku Belgium, Raoul Servais, anamulangiza kuti filimu, ingafupike bwanji, iyenera kukhala ndi poyambira, pakati ndi pothera. Lasseter anamvera. Filimu ya Luxo Jr., ya mphindi ziwiri zokha, ikuonetsa nyale yaikulu ikuyang'anira mwana wake akusewera ndi kampira kachikasu ka nyenyezi yofiira. Mwanayo akukwera pampirapo, akudumphapo, mpira uja n'kuphwa. Akuchoka ataweramitsa mutu, koma posakhalitsa akubwera akuthamangitsa chimpira china chachikulu, kholo lija n'kungopukusa mutu. Eben Ostby ndi Bill Reeves anathandiza pa luso la kompyuta, makamaka pa zithunzithunzi zomwe kuwala kwa nyalezo kumaponya pansi, ndipo Gary Rydstrom ndiye anakonza phokoso la kulira kwa zitsulo limene limamveka ngati mawu a nyalezo.

Filimuyi inaonetsedwa koyamba mu Ogasiti 1986 ku Dallas, pa msonkhano wa akatswiri a zithunzi za pakompyuta wa SIGGRAPH. Anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Lasseter wakhala akufotokoza kuti Jim Blinn, mmodzi mwa akadaulo olemekezeka pamsonkhanowo, atamuyandikira, iye ankayembekezera funso la masamu. Koma Blinn anangofuna kudziwa ngati nyale yaikuluyo inali mayi kapena bambo. Apa m'pamene panagona chipambano chonse: munthu wodziwa bwino kuti akuona manambala a mu kompyuta anaiwala zimenezo n'kuyamba kuganizira za banja. Luxo Jr. inakhala filimu yoyamba yopangidwa pakompyuta kulowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Oscar.

Pomwe Toy Story inkatuluka mu 1995, kabokosi kotuwa kaja kanali katatha ntchito, pakuti malonda a makina anali atalephera. Kanyale kanalowa m'malo, ndipo chilembo cha I chinalandira tsoka lomwe linagwera mpira uja.

Kuchokera nthawi imeneyo chizindikirochi chasinthidwa mwa apo ndi apo. Pa Cars mu 2006 anaonjezerapo mawu okondwerera zaka 20 za kampaniyi, chaka chomwechonso Disney inagula Pixar pa madola 7.4 biliyoni koma osachotsa kanyaleko. Mafilimu oonera ndi magalasi a 3D atayamba mu 2009, kamera inayamba kuonetsa zilembozo chakumbali kuti zioneke kunenepa kwake. Pa Incredibles 2 mu 2018 zonse zinajambulidwa mofiira, motsanzira kajambulidwe ka m'zaka za m'ma 1960. Kumapeto kwa Toy Story 4 mu 2019, chidole chokwera njinga yamoto, Duke Caboom, ndicho chinadumphira chilembo cha I m'malo mwa kanyale.

Kusintha kokoma koposa konse n'kwa WALL-E mu 2008. Kanyale kali chiyang'anire kwa oonera, babu lake likupsa. Karoboti WALL-E kakubwera, kakuchotsa babu lakufalo, kakuikapo lina losadya magetsi ambiri, n'kukasisita kanyaleko pamutu. Pochoka kakugunda chilembo cha R mwangozi n'kuchigwetsa, ndiye kakudzipinda n'kuima pamalopo kuti dzina likwanire. Kupambana kwake n'kwakuti sikungosintha mtundu kapena kulembapo chaka. Kukutenga kanyaleko ngati chamoyo chimene chingadwale n'kufuna mnzake wochithandiza, monga mmene Servais analangizira za nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera.

Ubale wa Pixar ndi eni nyale a ku Norway unali wamtendere kwa zaka zoposa 20. Unasokonekera mu 2009, pamene kampani ya Luxo inasumira Disney ndi Pixar chifukwa chofuna kugulitsa nyale zenizeni za dzina la Luxo Jr. pamodzi ndi filimu ya Up. Dandaulo la a Luxo linali lomveka: kujambula nyale yawo mu filimu n'kwina, kuyamba kugulitsa nyale m'dzina lawo n'kwinanso. Mlanduwo unatha mokambirana.

Masiku ano kutsogolo kwa likulu la Pixar ku Emeryville, m'chigawo cha California, kuli chinyale chachitali kuposa munthu, pambali pake pali chimpira cha nyenyezi yofiira. Mu 2014 nyumba yosungira mabuku ya Library of Congress inaika Luxo Jr. m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa ndi dziko la America.